Kamera ya Isaki ndi Maso a Apongozi

Pa Nsaru, pakati pa chigayo ndi shopu yogulitsa mbewu, panali kachipinda kamene Isaki ankakatcha situdiyo. Munali nsalu yojambulidwa nyumba zosanja za kunja, mpando umodzi wapulasitiki, ndi kompyuta yomwe inkachita kufunditsidwa chitenje kuopa fumbi la kuchigayo. Anthu ankabwera kudzajambulitsa tizithunzi tofunsira ntchito, ena kudzapangana za zinkhoswe ndi maukwati. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Matenda a Isaki anali amodzi: sankatha kukhala ndi chinthu chabwino popanda kufuna kuti cha mnzake chioneke chachabe.

Chaka chimene fodya anamuyendera bwino, anapita m'tauni nakabwerako ndi kamera yaikulu yakuda, yogwirapo kale ntchito koma yamphamvu, ya mtundu umene amanyamula atolankhani. Kamera imeneyi inali ndi luso lake. Ukailozetsa pagulu, kabokosi kobiriwira kankatulukira pagalasi n'kukatera pa diso la munthu, ndipo munthuyo kaya athamange kaya avine, kabokosiko kankamutsatira, chithunzi n'kutuluka diso lili ngwee, nsidze zochita kuwerengeka. Isaki anaipatsa dzina loti Mphamba, ati chifukwa ikaona mwanapiye siphonya.

Mnzake wa ntchito yomweyo anali Benson, amene anali ndi situdiyo yake ku Kabudula. Awiriwa anaphunzira kujambula kwa munthu mmodzi, ndipo ubwenzi wawo unali wa mtundu uja wokhalira kuyesana mphamvu. Kamera ya Benson inali ya kampani ina ndipo inali ndi khalidwe lina. Iyo sinkasaka maso. Mwini wake ankachita kuikira kabokosi ndi chala pa chinthu chimene akufuna, kaya chipewa, kaya duku, ndipo ikagwira inkakakamira pomwepo ngati nkhupakupa. Inkachedwa kuyamba, koma sinkasintha maganizo panjira.

Awiriwa akakumana, moni ankatha msanga. Tsiku la msika ankaima pamphambano, aliyense kamera ili kumaso, kudikira wakabaza wotsika chitunda. Ankayesera pa ngolo, pa atsikana a mpira wamanja, pa mbuzi yopulumuka m'manja mwa wogula, kenaka n'kukadzitsekera mu situdiyo kukulitsa zithunzi pa kompyuta mpaka diso la mbuzi kudzaza galasi lonse. Makasitomala ankadikira panja, ena n'kutopa n'kumapita.

"Taonani apa achimwene," anatero Isaki tsiku lina, chala chili pagalasi. "Diso la wakabazayu, dzuwa likuoneka m'kati mwake. Nthawi imeneyo yanuyo inali ikuganizabe."

Benson anapitiriza kudina mpaka anaima pa chithunzi china. "Nanga ichi? Wakabaza atangocheuka kupatsa munthu moni, Mphamba wanu wamusiya, wakatera pa mayi wa tomato uyu amene amatiyang'anitsitsa. Wakabaza wathu wasanduka utsi."

"Chimodzi chokha pa zonsezi? Munthu wanzeru sacheuka akamajambulidwa."

"Ndiye kuti kamera yanuyo imakonda anthu oiyang'ana."

"Imakonda anthu ofuna kuoneka. Wobisa nkhope ajambulidwiranji?"

Isaki anaseka yekha, natseka chithunzicho. Khutu la munthu amene akupambana limakhala lodzaza kale, mawu a mnzake salowamo.

Mkazi wa Isaki anali Rozaria, wochokera m'mudzi wina kufupi ndi Nambuma, ndipo anali ndi mwana mmodzi, Stella. Kumudziko kunatsala mayi ake a Rozaria, a Nambewe, mayi wamasiye woleredwa m'njira zakale. Chikwatirire Isaki pakhomo pawo, a Nambewe sanamuyang'anepo kumaso. Akakumana naye panjira ankapatukira m'udzu, n'kugwada cham'mbali, moni n'kumapereka akuyang'ana kuchitsamba. Akafika pakhomo ankalankhula naye kudzera pakhoma, kapena kutuma Rozaria. Sikunali kudana, ayi. Nkhuku yonona ya pakhomopo inkafera Isaki, ndipo mtedza woyamba kukumbidwa unkapita ku Nsaru m'thumba lomanga ndi luzi. Umenewo ndiye unali ulemu wawo kwa mkamwini, ndipo Isaki ankaudziwa bwino, poti nayenso ndi mwana wa dera lomwelo. Zaka zonsezo sankadziwa n'komwe kuti apongozi ake ali ndi kampata kumano, komwe Stella anatengera.

Chaka chimenecho miyendo ya a Nambewe inayamba kutupa, ndipo akayenda pang'ono ankaima kufuna mpweya. Mwana wawo wamwamuna, Anthony, anali ku Joni zaka zambiri. Mapepala ake sanali olongosoka, motero kubwera kumudzi kunali kosavuta koma kubwererako ndiye kunalibe njira. Ana ake obadwira komweko anali asanawaonepo agogo awo. Anthony ankaimba foni kwa mlongo wake Rozaria n'kumapempha chinthu chimodzi: chithunzi chabwino cha amayi, akuseka, choti akapachike pakhoma.

Vuto linali lakuti a Nambewe sankafuna kujambulidwa. Munthu akawalozetsa foni ankadziphimba ndi nsalu. Chithunzi chawo chokha padziko lino chinali cha pa chiphaso cha unzika, chomwe anajambulitsa chifukwa boma linalamula. Rozaria anawanyengerera kwa milungu ingapo, mpaka tsiku lina anagonja.

"Ngati n'za Anthony, ajambule," anatero. "Koma bambo a Stella ndisawaone. Ndikawaona nkhope iuma, mwana wanga adzayesa ndikudwala kwambiri."

Rozaria anabwera ndi mawu amenewa ku Nsaru ngati wanyamula dzira. Anali ataganiza kale mochitira. "Bambo a Stella, Loweruka mukalowe m'chigafa ndi galasi lanu lalitali lija. Ine ndikakhala nawo pakhonde, ndizikawachezetsa. Akaiwala kuti muli pafupi adzutsa nkhope okha. Chofunika n'kudikira basi."

"Kudikira n'kwa anthu a makamera akale," anayankha Isaki akupukuta Mphamba. "Uyu akangoona diso kamodzi, yatha nkhani."

"Ndiye mudikire kamodziko."

Loweruka Rozaria ndi Stella anatsogola m'mawa. Isaki anafika dzuwa litapendeka, anasiya njinga yamoto patali, nalowa m'chigafa chomwe nyengo imeneyo chinali chopanda fodya. Kuchokera mmenemo khonde linkaoneka bwino lomwe. A Nambewe anakhala pamphasa, lichero pamiyendo, akuswa mtedza woti akapereke kutchalitchi mawa lake pa Misa yothokoza zokolola. Ankadziwa kuti mkamwini ali penapake, choncho nkhope inali m'lichero. Rozaria sanachite phuma. Anayamba ndi za mitengo ya mchere, anadzera ku za nkhuku za oyandikana nawo, kenaka pang'onopang'ono anafika pa nkhani ya Anthony ali mwana, tsiku lija anathawa sukulu n'kubisala m'nkhokwe, n'kugonamo tulo, mudzi wonse ukumufunafuna kudambo. Mapewa a a Nambewe anayamba kugwedera. Chibwano chinayamba kuchoka pachifuwa.

M'chigafa muja Isaki anali atatopa kale. Fumbi la fodya linkamuyabwa m'mphuno, nyerere zinkakwera m'buluku, ndipo kabokosi kobiriwira kankangolumphalumpha, pena pa diso la Stella, pena pa diso la tambala. Pomwepo foni inanjenjemera m'thumba. Anali Benson, ali pabwalo la mpira pa Nsaru pomwe panali masewero omaliza a chikho. Uthenga unali waufupi: kuli mnyamata wa ku Kabudula wothamanga ngati akuthawa njuchi, bwerani ndi Mphamba wanu tione ngati amugwire, kapena muvomereze kuti mwaopa.

Mawu oti mwaopa ndi amene anamudzutsa. Anayang'ana pakhonde, anaona duku lokha, nadziuza kuti nkhalamba imeneyi ingathe kukhala chowerama mpaka nkhuku kulowa. Anatulukira kuseri kwa chigafa, nakwera njinga yake.

Phokoso la njinga litazilala kumsewu, a Nambewe anaimika manja. "Apita eti?"

"Kaya, amayi."

"Apita, ndamva." Anadzutsa nkhope, nakankhira duku m'mbuyo. "Ndiye tinamupeza bwanji Anthony uja? Si ine ndinapita kukatapa chimanga, n'kugwira phazi la munthu?" Ndipo anaseka. Anaseka ndi nkhope yonse, kampata ka mano kali poyera, misozi ikutsika m'makwinya, dzuwa la madzulo litawagwera cham'mbali monga momwe wojambula aliyense amapempherera. Rozaria anayang'ana kuchigafa, kenaka anayang'ana mayi ake, ndipo kuseka kwake iye kunali kowawa.

Atakumana ndi Rozaria kunyumba usiku umenewo, Isaki anali ndi nkhani zambiri za mnyamata wa ku Kabudula. Mphamba anamugwira diso kuyambira pakati pa bwalo mpaka pagolo, Benson anangotola nsana ndi fumbi.

"Munangotsala pang'ono," anatero Rozaria osakweza mawu. "Mutangochoka anaseka. Sindinawaonepo akuseka choncho chimwalirire abambo."

"Ndiye vuto lili pati, mayi a Stella? Mawa si akutsogolera mphakati wawo popereka mphatso? Adzakhala atavala bwino, akuvina, kuwala kuli kokwanira. Chithunzi cha munthu akuswa mtedza n'chotumiza ku Joni?"

"Kutchalitchi mudzaima kuti?"

"Pomwe ndimaima nthawi zonse."

"Adzakuonani."

"Pagulu la anthu ngati lija? Ndipo angoona ndani, ine kapena kamera?"

Apa ndiye panali pogona nkhani. Isaki akaika kamera kumaso ankadziyesa wasanduka munthu wina, wopanda mudzi, wopanda apongozi, wa ntchito basi. Ankaiwala kuti oyang'ana kutsogoloko amaona mkamwini yemwe uja, atangobisa mphuno.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka ena kukhala pamawindo. Kunja kunali matumba a chimanga, nkhuku zomanga miyendo, mitolo ya nzimbe. Benson analiponso, atapemphedwa kujambula kwaya. Iye anakulira m'mudzi woyandikana ndi wa a Nambewe, ndipo ankawatcha azakhali. Misa isanayambe Rozaria anamunong'oneza kanthu, ndipo Benson anapita kwa Isaki.

"Achimwene, azakhali ndisiyireni ine. Ine sandithawa, ndinkadya maungu pakhomo pawo ndili wamng'ono. Ndiika kabokosi pa duku lawo, ndiyenda nawo mpaka kuguwa. Inu mutenge kwaya, pali maso ambiri pamenepo."

Anali mawu abwino, koma kachiganizo komalizako kanamulasa Isaki. "Mukufuna mawa mukalengeze pa Nsaru ponse kuti Isaki analephera kujambula apongozi ake, mpaka anabwereka kamera ya ku Kabudula?"

"Palibe amene adziwe."

"Mudziwa ndinu, ndipo zakwana. Jambulani kwaya yanu. A pabanja panga musawalozetse chinthu chanucho."

Benson anakweza mapewa nabwerera kukwaya. Rozaria anamva zonse ali pa benchi la amayi, ndipo anangoyang'ana pansi.

Nthawi yopereka mphatso itakwana, ng'oma zinasintha, amayi a mphakati anandanda pakhomo. Kutsogolo kunali a Nambewe, atavala chitenje chatsopano, lichero la mtedza lili pamutu, akuponda pang'onopang'ono chifukwa cha miyendo, koma akupondera m'nyimbo. Pakhomo paja nkhope yawo inali yodzuka, akuimba. Pambuyo pawo panali a Kettie, mayi amene anakangana nawo zaka zambiri chifukwa cha malire a dimba, munthu wokonda kuonekera, nkhope ili phuliphuli ndi mafuta.

Isaki anatuluka pabenchi nakagwada pakati penipeni pa njira, kutsogolo kwa mzere, kamera ili kumaso. A Nambewe anamuona. Nyimbo inathera pakamwa, chibwano chinagwera pachifuwa, dzanja linakokera lichero kutsogolo mpaka mthunzi wake unaphimba nkhope. Kupatuka sakanatha, poti uku ndi uku kunali mabenchi. Anayenda choncho njira yonse, mayi wodwala, akuchita manyazi pamaso pa mpingo wonse, mkamwini akubwerera cham'mbuyo patsogolo pawo ngati akuwatchinga. Kamera inkangolira ngati makina osokera. M'galasi Isaki ankaona kabokosi kobiriwira katagwira diso zolimba, ndipo mtima wake unali m'malo. Sanadzifunse kuti disolo ndi la yani.

Potuluka Rozaria anamufunsa, "Mwawapeza?"

"Mphamba saphonya," anatero Isaki, akumuonetsa kagalasi ka kuseri kwa kamera. Pa kagalasi kakang'ono ngati bokosi la machesi, padzuwa, chilichonse chimaoneka bwino. Rozaria anaona chitenje cha mayi ake ndi lichero, nakhulupirira.

A Nambewe sananene zambiri pobwerera. Anangouza mwana wawo kuti, "Ndinati ndisawaone." Anafika kunyumba atatsamira paphewa la Stella, nakagona osadya.

Sabata imeneyo Isaki akanatsegula zithunzizo pa kompyuta, mwina mpata ukanapezeka wobwerera kuchigafa. Koma kompyuta inali yotanganidwa ndi mnyamata wa ku Kabudula. Iye ndi Benson ankakulitsa chithunzi chilichonse cha mpira uja, kutsutsana kuti apa thukuta likuoneka, apa silikuoneka. Rozaria akafunsa, yankho linali loti zithunzi sizithawa, zili m'khadi. Anthony akaimba, Rozaria ankamuuza kuti alamu ako akuzikonza.

Sabata yotsatira a Nambewe anagonekedwa kuchipatala. Nkhope inatupa, maso analowa, sanalinso munthu woti n'kumulozetsa kamera. Rozaria anawadikirira masiku onsewo, ndipo m'mawa wina, kunja kukuzizira, anatsamira mkono.

Uthenga utafika ku Joni, Anthony analira pafoni ngati mwana. Kubwera sakanatha. Anati, "Mlongo wanga, nditumizire chithunzi chija, ndilire ndikuwaona." Akumudzi nawo anafuna chithunzi choika m'felemu, choti Stella anyamule patsogolo pa bokosi monga amachitira masiku ano. Onse ankadziwa kuti pabanjapo pali mkamwini wa kamera yoposa onse m'dera lonselo, choncho palibe anada nkhawa.

Rozaria anachoka pasiwa masana, maso ali otupa, napita ndi mwamuna wake ku situdiyo. Isaki anavundukula kompyuta, analowetsa khadi, natsegula chithunzi choyamba. Chinadzaza galasi. Kutsogolo kunali chinthu chachimbuuzi, mtundu wa chitenje ndi mthunzi wa lichero, ngati munthu womuonera m'madzi ovunduka. Pambuyo pake, paphewa, panali nkhope ya a Kettie, ili ngwee, ikumwetulira, mpaka timadontho ta thukuta pamphuno.

Anadina china. A Kettie. China. A Kettie akutsinzinira diso limodzi. China, mwana wa pabenchi atatong'ola maso. China, a Kettie kachiwiri, dzino lililonse lili pamalo pake. Zithunzi zinalipo mazanamazana, ndipo kamera sinalakwitse ngakhale chimodzi pa ntchito imene inapangidwira. Inasaka maso, ndipo inapeza maso a anthu amene ankafuna kuonedwa. Mayi amene anagwetsa nkhope chifukwa cholemekeza mwini kamerayo inawadutsa ngati chitsa.

Isaki anapitiriza kudina. Rozaria anaima kumbuyo kwake akuyang'ana mpaka chithunzi chomaliza.

"Bwererani poyamba," anatero.

Anabwerera. Anadutsamonso zonse. Palibe chinasintha.

"Mwina kompyuta ingathe kuwongola pang'ono," anatero Isaki ndi mawu ouma.

"Iwongola chiyani? Nkhope ili kuti yoti iwongole?" Rozaria sanakuwe, ndipo kusakuwako n'kumene kunamuopsa Isaki. "Amayi anapempha chinthu chimodzi, bambo a Stella. Moyo wawo wonse anakupatukirani panjira, anakuphikirani, sanakupempheni ngakhale sopo. Anapempha kuti asakuoneni. Inu munakagwada pamaso pawo, tchalitchi chonse chikuona. Ndipo chimene mwandisungira ndi mano a a Kettie."

Isaki anaimbira Benson. Benson anayankha mwachisoni kuti anafufuza kale atangomva za malirowo. Anali ndi kwaya yokhayokha. "Munandiletsa, achimwene, ndipo ine ndinamvera."

Rozaria anamasula mfundo ya pachitenje chake, natulutsa chiphaso cha unzika cha mayi ake chomwe anachisunga kuchokera kuchipatala. Anachiika patebulo. "Jambulani ichi, mukulitse."

Kachithunzi kake kanali kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kotuwa, kokalikakalika. A Nambewe anali atavula duku monga anawalamulira ojambula aja, milomo atatseka zolimba, maso ali tong'o ndi mantha ngati munthu wogwidwa pa mlandu. Isaki anatsamiritsa chiphasocho pa botolo, anasintha galasi, naweramira. Asanakhudze batani lililonse, kabokosi kobiriwira kanalumpha n'kukatera pa diso la apongozi ake, n'kukhazikika pomwepo osagwedera. Kanali koyamba Isaki kuwayang'ana m'maso, ndipo iwo sanathe kupatuka. Isaki anakhala choweramira nthawi yaitali, galasi likuchita nkhungu, mpaka Rozaria anati, "Dinani, anthu akudikira."

Chithunzi chimenecho n'chimene Stella ananyamula patsogolo pa bokosi. Chitakulitsidwa chinachita timadontho ngati nsalu yoperepeseka, ndipo amayi a mphakati ankachiyang'ana n'kuyang'anana. Wina ananong'ona, mokweza ndithu monga amanong'onera pamaliro, kuti kodi mkamwini uja si wojambula? A Kettie analiponso, akulira mokweza kuposa onse. Chithunzi chomwechonso n'chimene chinapita ku Joni. Anthony anayankha patapita tsiku, ndi mawu ochepa: ana akufunsa kuti agogo anakwiyira ndani.

Banja silinathe. Rozaria anabwerera ku Nsaru atatha masiku a maliro, ndipo amaphika, amachapa, amayankha akafunsidwa. Koma pa Khirisimasi, Isaki atatulutsa kamera kuti ajambule a pabanja pake, Stella anamwetulira ndi kampata kake kaja, pomwe Rozaria anagwetsa nkhope n'kuyang'ana m'manja mwake. Isaki anadikira. Ulendo uno anadikira ndithu, mpaka mkono unatopa. Nkhopeyo sinadzuke, ndipo mpaka lero pakhoma la nyumba yawo palibe chithunzi cha Rozaria chojambulidwa chimwalirire mayi ake.

Mphamba akadalipo, ndipo pa mpira ndi pa akabaza amapambanabe. Benson sabweranso kudzayerekeza, ndipo akabwera palibe amene amayambitsa nkhaniyo. Anthu amati kamera ya Isaki ndi yachangu kuposa zonse kuyambira Namitete mpaka Chiwamba, ndipo sanama. Koma chimene chinkafunika Loweruka lija si changu. Chinali kukhala phee m'chigafa, kupirira nyerere ndi fumbi la fodya kanthawi kochepa, mpaka mayi wamanyazi aiwale kuti akuonedwa. Isaki anali ndi makina othamangitsa diso la munthu wothamanga, koma analibe mtima wodikira diso la munthu wokhala pamphasa. Akale sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.